Linga Lagumuka Pati? Mau kwa Amayi pa za Masamu a Ana Athu

Tiwerenge: Nehemiya, mutu 1 mpaka 6

 

Nkhani yathu ulendo uno ndi ya masamu. Ena mudabwa kuti masamu alowa bwanji m'kalata ya amayi a mpingo. Alowa chifukwa teremu iliyonse ikatha ana athu a ku sekondale amabwera ndi pepala la zotsatira, ndipo m'makomo ambiri nkhani yake imakhala imodzimodzi. Chichewa wakhoza, Bible Knowledge wakhoza, Agriculture wayesetsa, koma pa mzere wa masamu pali malikisi oti sungawatchule pagulu. Mayi amaliyang'ana pepalalo, kuusa moyo, kulipinda, n'kuliika pakati pa Baibulo, akunena kuti, "Kwathu kulibe wa masamu." Nkhani imathera pomwepo mpaka teremu ina. Pempho lathu ndi lakuti chaka chino isathere pomwepo.

Tiyambe tamvana za chimene chikutayika. Mayeso a Fomu 4, a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB ku Zomba, amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza kopambana. Kuyambira 3 mpaka 6 amati credit. Giredi 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe, pamene 9 ndi kulephera. Mwana akhoza kulandira satifiketi yake masamu atagwa, banja n'kuvina, nkhuku n'kuphedwa. Chisoni chimabwera pambuyo, akayamba kulemba makalata ofunsira malo. Ku Kamuzu University of Health Sciences, kumene amaphunzitsa madokotala ndi anamwino, amafuna credit ya masamu. Maphunziro a uinjiniya ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo amafunanso chimodzimodzi. Ngakhale sukulu za unamwino za mipingo, monga Holy Family yathu yomwe ino ya ku Phalombe, zimayang'ana masamu pamodzi ndi Chingerezi ndi maphunziro a sayansi. Taona atsikana a mtima wabwino, oleza, odziwa kusamala odwala, oti akanakhala anamwino oposa ife, atakhala pakhomo chifukwa cha nambala imodzi pa satifiketi.

Tsono tiyeni kwa Nehemiya. Munthu ameneyu sanali mmisiri womanga. Anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta ku Susani, kutali ndi kwawo. Mbale wake Hanani atafika ndi uthenga woti linga la Yerusalemu ndi logumuka ndipo zipata zake zinapsa ndi moto, Nehemiya anakhala pansi, nalira, nasala kudya, napemphera masiku ambiri. Mpaka apa timayenda naye bwino, pakuti kulira ndi kupempherera ana ife amayi timadziwa. Koma onani zimene anachita atanena Amen. Anapempha mfumu kuti imulole kupita, anapempha makalata a panjira, napemphanso kalata ya kwa Asafu wosunga nkhalango kuti apatsidwe mitengo ya zipata. Anali munthu wopemphera khasu lili paphewa.

Atafika ku Yerusalemu sanayambe ndi kuitanitsa msonkhano. Anakhala masiku atatu, kenaka anadzuka usiku ndi anthu owerengeka, nazungulira linga kuona ndi maso ake pamene pagumuka. Pena panali zinyalala zochuluka moti nyama imene anakwera inasowa podutsa. Apa ndi pamene tikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa masamu amamangidwa ngati khoma, njerwa pamwamba pa njerwa inzake. Mu History mwana akhoza kujomba sabata imene anzake anaphunzira za John Chilembwe, n'kudzamva bwinobwino mutu wotsatira. Masamu salola zimenezo. Amene sanamvetse kugawa sadzamva mafulakishoni, ndipo amene sanamve mafulakishoni akafika pa Algebra amangoona mdima. Ife a ku Phalombe, amene tinaona napolo wa mu 1991 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, tikudziwa kuti khoma limayamba kudyeka pansi, pamene madzi afewetsa maziko, ngakhale mng'alu uonekere kumwamba.

Tipereke chitsanzo. Mufunseni mwana wa Fomu 3 kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 yankho lake n'chiyani. Ambiri amaphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansi paokha, n'kulemba 2/5. Koma 2/5 ndi yochepa kuposa theka. Ndani wa ife anathirapo chimanga m'ndowa imene inali kale pakati, chimangacho n'kutsika? Yankho loona ndi 5/6, ndowa yotsala pang'ono kudzaza. Mwana amene akuphonya pamenepa vuto lake si la Fomu 3. Njerwa inasowa ku pulayimale, ndipo zonse zimene aphunzitsi akumanga pamwamba zikugwera m'dzenje lomwelo.

Zifukwa zimene njerwa zimasowera timazidziwa. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone kope la mwana aliyense. Pofika Sitandade 5 zonse zimaphunzitsidwa m'Chingerezi, mwana amene kunyumba amamva Chichewa kapena Chilomwe n'kumalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chilankhulo ndi nambala. Ana amene ali ku sekondale tsopano ndi omwe aja anakhala kunyumba miyezi yambiri mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ndi omwewonso amene Freddy anawaimitsa sukulu, makalasi ena atasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku ndi makope zitapita ndi matope. Kalasi inapitirira, silabasi inapitirira, koma mabowo anatsala.

Choncho ntchito yoyamba ndi kuzungulira linga. Bwerekani buku la masamu la Sitandade 6 kapena 7 kwa mng'ono wake kapena kwa mnansi, mwana wanu wa sekondale ayambe kuwerengera mafunso a m'menemo, kubwerera m'mbuyo mpaka atapeza pamene sakuphonya. Pamenepo ndiye pa maziko olimba, ndipo kumanga kuyambire pamenepo. Adzachita manyazi kugwira buku la ana. Nehemiya naye anayenda usiku, anthu asakudziwa. Zichitikire m'nyumba, popanda kumuseka. Mufunseninso matebulo a kuchulukitsa uku mukusankha nyemba: 7 kuchulukitsa ndi 8, 9 kuchulukitsa ndi 6. Ngati akuwerenga zala, mwapeza bowo loyamba, ndipo limeneli ndi losavuta kutseka, chifukwa matebulo amalowezedwa monga tinalowezera Katekisimu. Kenaka mangani nsalu yanu bwino mupite kusukulu. Musakafunse aphunzitsi kuti, "Mwanayu akuchita bwanji?" chifukwa adzakuyankhani kuti alimbikire, basi. Kafunseni mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ndi mitu iti imene ikumuvuta, ndipo ayambire pati?" Mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi amakumbukira mwana amene mayi ake anabwera.

Ife amene tinagwira ntchito ya unamwino tiwonjezepo mau. Bowo lina limakhala m'thupi. Mwana amene saona bwino pa bolodi amakopera 3 pamene pali 8, ndipo sadziwa kuti anzake amaona bwino kuposa iye. Muyeseni: ngati amatsinzinira poyang'ana kutali, kapena mutu umamupweteka akaweruka, pitani naye kuchipatala akamuyeze maso, ndipo pemphani kuti azikhala kutsogolo. Likodzo, limene ndi lofala m'madera athu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi m'madimba a mpunga, limatha magazi mwakachetechete, mwana n'kumangosinza m'kalasi, ife n'kumati ndi ulesi. Mankhwala ake alipo. Malungo obwerezabwereza amadya masiku a sukulu, chonsecho masikito tinalandira ena tinatchingira nkhuku. Mwana wochoka m'mawa m'mimba muli gwa sangagwire nambala. Ngakhale mbatata ya dzulo kapena phala lopanda shuga ndi kanthu. Ndipo tinene poyera, pakuti tili tokhatokha amayi: mtsikana amene amajomba masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse chifukwa alibe chodzisamalira akakhala kumwezi, amataya njerwa mwezi ndi mwezi. Singano ndi ulusi tili nazo. Nthambi iliyonse ingathe kusoka nsalu zochapa za atsikana ake.

Mwina wina afunsa kuti, kodi masamu a kusukulu amagwiradi ntchito m'moyo? M'chipatala ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Dokotala akalemba kuti wodwala alandire lita imodzi ya diripi pa maola 8, namwino amawerengera. Lita ndi mamililita 1,000. Kapaipi kofala kamatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, ndiye kuti madontho onse ndi 20,000. Maola 8 ndi mphindi 480. Mukagawa, mupeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi, ndipo namwino amaima ndi wotchi kuwawerenga. Akathamangitsa diripi pa mwana wakhanda kapena pa munthu wa vuto la mtima, madzi amadzaza m'mapapo. Mankhwala a malungo a LA amaperekedwa motsata sikelo: mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 piritsi limodzi, 15 mpaka 24 mapiritsi awiri, 25 mpaka 34 atatu, kuyambira 35 anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Pa jakisoni, kadontho kamodzi ka cholembera kamasiyanitsa 0.5 ndi 5, ndipo wophonya pamenepo wapereka mankhwala ochuluka kakhumi. Ndicho chifukwa chake sitiwadandaula a sukulu za unamwino akamaumirira masamu.

Florence Nightingale, amene anamwino tonse timamutenga ngati mayi wa ntchito yathu, anthu amamukumbukira ndi nyali imene ankayenda nayo usiku pakati pa asilikali odwala ku Scutari, pa nkhondo ya ku Crimea imene anapitako mu 1854. Ochepa amadziwa kuti chida chake china chinali masamu, amene anawaphunzira ali mtsikana kunyumba kwa bambo ake. Anasonkhanitsa ziwerengero za omwalira, nazijambula mooneka bwino, naonetsa akuluakulu a boma la Britain kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda obwera chifukwa cha uve kusiyana ndi mabala a kunkhondo. Nambalazo zinasintha kasamalidwe ka zipatala. Mu 1858 anakhala mayi woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero ku London, ndipo Mpingo wa ku England umamukumbukira pa 13 Ogasiti, tsiku limene anamwalira mu 1910. Wina akadzanena pamaso panu kuti masamu ndi a anyamata, mudzamuuze za mayi ameneyu.

Tibwerere kwa Nehemiya, mutu 3. Ambiri timaudumpha mutu umenewu chifukwa ndi wa maina okhaokha ovuta kutchula. Koma uwerengeni modekha muone anthu amene anamanga lingalo. Munali ansembe, osula golide, opanga mafuta onunkhira, ndi amalonda. Palibe amene anati, "Ine ntchito ya njerwa sindinaiphunzire." Pa ndime 12 tikumva za Salumu, mkulu wa theka la dera la Yerusalemu, amene anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Ndipo kangapo konse mutuwu ukunena za anthu amene anakonza chigawo choyang'anana ndi nyumba yawo. Palibe amene anapatsidwa linga lonse. Aliyense anapatsidwa pakhomo pake.

Tikudziwa chimene chili m'mitima ya ambiri: "Ine ndinalekeza Sitandade 4, ndingamuthandize bwanji mwana wa Fomu 3?" Amayi, musadzipeputse. Mwapita ku msika wa Chiringa ndi K5,000, mwagula milu itatu ya tomato, mwabwerako ndi K3,500. Mulu umodzi unali ndalama zingati? Tisanamalize funso mwayankha kale kuti K500. Mwana wanu kusukulu amalemba 3x + 3,500 = 5,000, ndipo amati Algebra. Mukakongola K10,000 ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, palibe amene amakuuzani kuti mubweza K12,000. Muli ndi ngongole ya K3,000, mwapeza K5,000, mukudziwa kuti zanu zenizeni ndi K2,000. Amenewo ndi manambala a negative aja amaliza ana a Fomu 1. Mukabzala chimanga mwa Sasakawa, mizere kutalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, mukuyeza. Wogula nandolo akafuna kukuberani pa sikelo, mumazindikira thumba lisanatsike. Mutu wa masamu m'banja mwanu ulimo, ndipo mwanayo anayamwa bere lomwelo.

Koma chigawo choyang'anana ndi nyumba yathu, chimene mphunzitsi sangatimangire, ndi nthawi. Taganizani tsiku la mtsikana wophunzira pa sekondale yoyendera, ya CDSS. Amadzuka kusanache kukatunga madzi ndi kusesa, amayenda mtunda wautali, amaweruka dzuwa litapendeka, n'kupeza ndowa ya kuchigayo ikumudikira, ndiwo zosaphika, ndi mwana wa achemwali ake woti abereke. Nyengo yokolola nandolo ndiye osanena. Akamakhala pansi kuli mdima, thupi latopa. Mchimwene wake nthawi yonseyo ali ku mpira kapena ku vidiyo. Amene amagawa ntchito za pakhomo ndife, ndiye amene tingapatule ola limodzi ndife. Tikupempha ola limodzi tsiku lililonse, makamaka chakumadzulo kusanade, kuti tisalimbane ndi za nyali. Ola limenelo mwana asatumidwe, wailesi itsike, foni ikhale m'manja mwa mayi. Mnyamata naye atunge madzi, manja ake sadzathothoka. Ndime 5 ya mutu womwewo ikutiuza kuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kugwira nawo ntchito, komabe anthu wamba a ku Tekowa anamanga chigawo chawo, nawonjezanso china. Abambo akatithandiza tithokoza Mulungu. Akachedwa, ife tiyambepo.

Nanga pa ola limenelo azichita chiyani? Apa ana ambiri amadzinyenga. Amatsegula kope, kuliyang'ana monga akuwerenga nyuzipepala, n'kunena kuti awerenga masamu. Palibe anaphunzira kuphika nsima poonerera. Masamu amafuna cholembera m'manja ndi pepala lodetsedwa. Atenge chitsanzo chimene aphunzitsi anawerengera m'kalasi, achitsatire mzere ndi mzere, kenaka achiphimbe ndi dzanja n'kuchiwerengera yekha. Akakhoza, achite mafunso ena asanu ofanana nacho. Akaphonya asang'ambe pepala. Akhale ndi kope lapadera lolembamo mafunso amene anaphonya, ndipo Loweruka awabwereze onse. Inu mukamaona kopelo simufunika kudziwa Algebra kuti muzindikire ngati masamba akudzaza kapena ayi. Ndipo muzimuuza kuti, "Tandifotokozera m'Chichewa zimene wachita apazi." Akayamba kukufotokozerani, iye mwini amamva pamene akupunthwa. Mau a Chingerezi a m'mafunso, monga simplify, factorise, solve ndi evaluate, awalembe pa tsamba lomaliza ndi tanthauzo lake, chifukwa ana ena amadziwa kuwerengera koma samva chimene afunsidwa. Azizolowera kulemba njira yonse imene wadutsa, pakuti pa mayeso ochonga amapereka malikisi pa njira yolondola ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Wa Fomu 2 amene akuyembekezera JCE ndi wa Fomu 4 azipeza mapepala a mayeso a zaka zapitazo n'kumawalemba wotchi ili patsogolo. Theka la ola tsiku lililonse limaposa usiku wonse wa sabata ya mayeso, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ntchito itayamba ku Yerusalemu, anabwera onyoza. Sanibalati anaseka Ayuda kuti ndi ofooka, ndipo Tobiya anati ngakhale nkhandwe itakwera pa khoma lawolo ligwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti Tobiya wa ana athu nthawi zambiri amakhala m'nyumba momwemo. "Mbuli iwe." "Mutu ngati wa bambo ako." "Ndalama zanga zikungopita pachabe, bola ukwatiwe." Mwana amene wamva mau otere zaka zisanu amalowa m'chipinda cha mayeso atagonja kale. Manja amanjenjemera, zimene amadziwa zimathawa. Mantha a masamu ndi matenda enieni, ndipo amapatsirana kuchokera kwa akulu kupita kwa ana monga chimfine. Sitikunena kuti tizinama, kumuuza mwana kuti wakhoza pamene walephera. Tikunena kuti tiziona njerwa imene yaikidwa. Anapeza 18 pa 100, tsopano wapeza 27: akadali pansi, koma khoma lakwera, ndipo ayenera kumva pakamwa pa mayi ake kuti lakwera. Ndipo mau aja akuti "kwathu kulibe wa masamu" tiwasiye ndithu. Si kudzichepetsa. Ndi kuikira umboni wonama mphatso zimene Mulungu anaika m'banja mwathu.

Mutu 4 ukunenanso kuti pakati pa ntchito anthu a ku Yuda anatopa, nadandaula kuti zinyalala zachuluka ndipo mphamvu za onyamula zatha. Zidzachitikanso m'nyumba mwanu sabata yachitatu kapena yachinayi, mwana akadzaona kuchuluka kwa zimene sadziwa. Musadabwe ndipo musakalipe. Mukumbutseni kuti palibe amene akumufunsa giredi 1. Wochoka pa 9 kufika pa 7 wapulumutsa phunziro. Wochoka pa 7 kufika pa 6 watsegula zitseko zimene zinali zotseka. Sayenera kudziwa mitu yonse mofanana. Alimbitse kaye imene yayamba kumveka, yovutitsitsa ibwere pambuyo. Linga la Yerusalemu, limene linakhala logumuka zaka zambirimbiri, linatha m'masiku 52, ndipo masiku 52 sakwana n'komwe teremu imodzi.

Pali njira zachidule zimene tiyenera kuchenjezana. Yoyamba ndi likasa, ndi mapepala amene anthu amagulitsa pa foni ponena kuti ndi mayeso enieni. Tisaiwale 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kukalembanso kumayambiriro kwa 2021. Mayi wovala yunifolomu ya Mothers' Union asapereke ndalama yogulira zakuba. Ndipo taganizani, mungakonde kuti diripi ya mdzukulu wanu aikidwe ndi namwino amene anakhoza masamu ndi likasa? Yachiwiri ndi mankhwala a nzeru a kwa sing'anga, pamodzi ndi zolembera zimene ena akuti anazidzoza mafuta n'kumagulitsa. Cholembera chimatulutsa zimene zili m'mutu, basi. Kupempherera ana athu asanalembe mayeso ndi koyenera, ndipo ansembe athu amachita zimenezi mwaulere pa guwa. Yachitatu ndi yowawa kuitchula. Maphunziro apadera olipira, aja amati part-time, amathandiza akachitikira pasukulu, masana, ana ali gulu. Koma mtsikana asapite yekha kunyumba kwa mwamuna aliyense madzulo m'dzina la masamu, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wachibale, kaya ndi wa mumpingo. Aphunzitsi ambiri ndi anthu okhulupirika amene akugwira ntchito yolemetsa, ndipo okhulupirikawo sadzakhumudwa mukanena kuti abwere ndi anzake awiri.

Mu mutu 5 Nehemiya anaimitsa kaye zina kuti amve kulira kwa osauka, amuna ndi akazi awo, amene anapinyolitsa minda chifukwa cha njala ndi msonkho, ena ana awo aakazi atatengedwa kale ukapolo chifukwa cha ngongole. Anadzudzula olemera amene ankakongoza abale awo mwa katapila. Anadziwa kuti munthu wanjala ndi wangongole sangamange linga. Pakati pathu pali agogo amene akulera adzukulu amasiye, amene ola limodzi angalipeze koma kope, seti ya masamu ndi kakyuleta sangazithe. Apa ndi pamene nthambi iyenera kulowapo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Thumba lathu limene timagulira shuga ndi sopo wa odwala lingathenso kugula maseti asanu ndi nyali ziwiri za sola zobwerekana. Tchalitchi chathu chimakhala chotseka pakati pa sabata, mabenchi ali chabe. Tipemphe kwa abambo wansembe ndi akuluakulu a mpingo kuti Loweruka m'mawa ana a sekondale azikumanamo, a mpingo wathu ndi a mipingo ina omwe, ngakhale Asilamu, amayi awiri akusinthana kukhala nawo. M'parishi iliyonse muli mphunzitsi wopuma ntchito, kapena mnyamata kaya mtsikana amene anakhoza bwino Fomu 4 ndipo akudikira kuitanidwa ku koleji. Ambiri sanafunsidwepo. Gulu likhale laling'ono, ana anayi kapena asanu, osakaniza odziwa ndi ovutika, pakuti wophunzitsa mnzake amadziwa kawiri. Boma lakhala likuphunzitsanso aphunzitsi a masamu ndi sayansi kudzera mu ndondomeko ya SMASSE, imene inayamba mu 2004 mothandizana ndi dziko la Japan, koma ndondomeko ya boma sifika pa khonde la agogo. Mary Sumner atayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, anaitana amayi olemera ndi osauka m'chipinda chimodzi kuti athandizane kulera ana. Ntchito imene tikunenayi ndi yomweyo.

Tisaiwale amene analemba kale n'kugwa. Chitseko chawo sichinakhomedwe ndi misomali. MANEB imalola munthu kulembanso mayeso ngati wochokera kunja kwa sukulu, ndipo masukulu ambiri a sekondale ali ndi makalasi a masana, aja timati open. Mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera kusukulu akabereka, malinga ndi ndondomeko imene boma linakhazikitsa mu 1993. Chimene amasowa kawirikawiri ndi munthu womugwirira mwana m'mawa, ndipo ife misana tili nayo.

Tikupempha atsogoleri a nthambi kuti pa msonkhano wanu wotsatira, mukatha mapemphero ndi kuwerenga mutu 3 wa Nehemiya, mayi aliyense amene ali ndi mwana kapena mdzukulu ku sekondale abwere ndi pepala lija linapindidwa pakati pa Baibulo. Osadziwa kuwerenga awerengeredwe ndi mnzawo amene amamukhulupirira, ndipo zomvedwa m'chipindamo zisatuluke kukafika pa mjigo. Mlembi alembe chiwerengero cha ana amene masamu akuwavuta, makalasi awo, ndi maina a anthu a m'parishi amene angathe kuthandiza Loweruka, kuti pokumana pa msonkhano wa dayosizi tidzamve nthambi iliyonse pamene yafika.